Mashini a kompyuta afika koma mayunifolomu sakuchuluka, thandizeni maganizo

Telala_wa_Mpondasi

Moni nonse muno. Funso langa ndi lalitali pang'ono nde mundipirire.

Ine ndimayang'anira kafakitale kosoka zovala kuno ku Mangochi boma, eni ake ndi amalume anga amene akhala ku Joni zaka zambiri. Ntchito yathu yaikulu ndi mayunifolomu a sukulu, mashati, makabudula ndi madiresi, nthawi zina maovolosi a anthu ogwira ntchito m'malodge a kunyanjaku, ndipo Eid ikayandikira timasokanso mikanjo. Tilipo anthu 18, osoka 14, enawo ndi odula ndi ositira. Chaka chatha amalume anabweretsa mashini atsopano a ku China, aja okhala ndi kasikirini kutsogolo odula okha ulusi ukamaliza msoko, ina yomangira mabatani, ina yoboola mabowo a mabatani yokha, kuphatikizapo kompyuta yokhala ndi pulogalamu yojambulira mapateni ndi plotter yosindikiza pa pepala lalitali lija. Anaikanso matabuleti awiri, ina poyambira layini ina pomalizira, mtolo uliwonse ukadutsa munthu amasikana barcode ndipo iwo ali ku Durban amaona pa foni kuti lero zatuluka zingati.

Ndalama zinalowa zambiri zedi koma katundu wotuluka patsiku sanasinthe kwenikweni, wakwera pang'ono chabe. Madzulo aliwonse pamakhala mulu wa mashati opanda kolala pomwe anyamata osoka m'mbali amaliza kalekale akungocheza za mpira. Plotter imagwira mwa apo ndi apo chifukwa odula athu akuti choko ndi pateni ya katoni ndizachangu. Mashini awiri anafa bodi, ali pakona tawafunditsa nsalu. Osoka nawo matabuleti aja sawafuna, akuti ndi apolisi a bwana.

Pano amalume akuti vuto ndi kudula, akufuna atenge ngongole agule mashini yodula yokha ija ya tebulo lalikulu. Ine mtima sukundilola koma ndilibe mfundo zowauza, mukudziwa mmene zimakhalira kutsutsa amalume amene ndalama ndi zawo. Amene munagwirako m'mafakitale akuluakulu, kodi zinthu zamakonozi amatani nazo kuti phindu lizioneka? Tiyambire pati?

Mjoni_Newcastle

Achimwene, zimene mwanenazi ndimaziona tsiku ndi tsiku. Kwathu ndi ku Namwera koma ndili kuno ku Newcastle, KwaZulu-Natal, ndine supavaiza wa layini mu fakitale ina yosoka mathalauza ndi mashati, nde ine ndiyankha za layiniyo, za magetsi abwera odziwa.

Yankho mwalitchula kale nokha, ndi mulu wa mashati opanda kolala uja. Layini imayenda pa liwiro la malo ochedwa kuposa onse, basi. Tiwerenge limodzi. Tsiku la maola 8 ndi maminitsi 480. Tiyerekeze kuti kupanga kolala ndi kuilumikiza kumatenga maminitsi 4 pa shati imodzi ndipo akuchita munthu m'modzi, ndiye kuti patsiku sipangatuluke mashati oposa 120, ndipo pamenepo tanena ngati munthuyo sanadzuke ndi kamodzi komwe, ulusi sunaduke, bobini sinathe. Wosoka m'mbali mukamupatsa mashini yothamanga kwambiri amangomaliza msanga mbali yake nkukaunjika pa wa kolala uja, mulu umakula koma pakhomo potulukira ndi 120 yomweyo. Mashini atsopanowo anagwira ntchito yake ndithu, kungoti anafulumizitsa malo amene sanali ochedwa.

Chitani izi sabata ino, sizifuna ndalama. Tengani foni, stopwatch ili momwemo, imani pambali pa munthu aliyense muyeze kuti ntchito yake imatenga masekondi angati, kangapo ndithu osati kamodzi chifukwa munthu akaona ukumuyeza amathamanga dala kapena kuchedwa dala. Kumapewa, thumba, kolala, mikono, m'mbali, kupinda m'munsi, mabowo, mabatani, kusita, zonse mulembe pa bolodi. M'mafakitale izi amazitcha SMV kapena SAM ndipo ndi pamene pamayambira chilichonse, ngakhale mtengo wouza kasitomala. Mukaphatikiza maminitsi onse nkugawa ndi chiwerengero cha osoka mupeza kuti munthu aliyense akuyenera kunyamula maminitsi angati. Amene wapyola pamenepo mumuchotsere ntchito ina, amene ali pansi mumuwonjezere. Kolala igaweni pawiri, wina azipanga wina azilumikiza, ndipo anyamata a mpira aja m'modzi aphunzire kolala kuti mulu ukayamba azisamukira pomwepo. Kuno layini iliyonse imakhala ndi munthu m'modzi kapena awiri odziwa ntchito zambiri amene alibe mpando wokhazikika, amangopita pamene pathina, ndipo amalandira zoposa anzawo.

Mitolo yanu ndi yaikulu bwanji? Ngati mumamanga mashati 50 pamtolo chepetsani ifike 10. Mtolo waukulu umabisa zinthu, wina akalakwitsa kuika thumba mumadzazindikira atalakwitsa 50 yonse.

Za matabuleti nde ndaseka pang'ono, pepani. Ina poyambira ina pomalizira ikukuuzani kuti zalowa zingati zatuluka zingati, zimene ngakhale mlonda angakuuzeni. Pakati pamene katundu akukakamira palibe chikuona. Sunthani imodzi ikhale pa kolala. Komanso manambalawo amene akuyenera kuwaona ndi inuyo amene muli pa layini 10 koloko m'mawa, pamene mungathe kusuntha munthu, osati amalume ali ku Durban usiku tsiku litatha kale. Ife timaona ola lililonse, pa sikirini yaikulu pamalembedwa kuti ola lino timafuna zingati tapanga zingati, ikafiira maola awiri otsatizana supavaiza ndi makanika timakumana pamalopo. Ngati sikirini mulibe bolodi ndi choko zikwana.

China chimene ndakayikira, kodi mashini a kasikiriniwo munawasetera? Ambiri amagula nkumagwiritsa ngati mashini wamba. Mkati mwake mumatha kuika kuti pa thumba isoke masitichi akutiakuti iime yokha, ibwereze kumapeto yokha, idule ulusi, ikweze phazi. Pa ntchito ya misoko ifupiifupi ngati thumba ndi lebulo mpamene masekondi amapulumuka ambiri chifukwa munthu sagwiranso sizasi. Onjezani tizitsulo topindira nsalu tija timati mafolda, topinda m'munsi mwa shati ndi pa mzere wa mabatani, ndi totchipa kwambiri poyerekeza ndi mashini koma timachotsa ntchito yopinda ndi manja.

M'mafakitale ena akulu kuli njira ya mahang'ala oyenda okha pamwamba, yodziwika kwambiri ndi ya kampani ya ku Sweden ya Eton, chovala chilichonse chimapachikidwa pa hang'ala yake ndipo kompyuta ndi imene imasankha kuti chipite kwa ndani malinga ndi amene alibe mulu. Ndi zokongola kuonera koma zimalipira pamene oda ndi yaikulu ndipo sitayilo imodzi ikukhala nthawi yaitali pa layini. Kwa anthu 14 zimenezo iwalani kaye.

Makanika_Limbe

Aise ine ndalumpha zonse ndaima pa mashini awiri ofunditsidwa nsalu aja kkkk. 2 pa 14 ndi anthu awiri akudikira kapena akubwerekana mashini, musanakambe zogula china chilichonse dzutsani amenewo kaye.

Ndimakonza mashini osokera kuno ku Limbe, ndipo ma bodi amene amandipeza ambiri chimene chawapha ndi magetsi. Osati kuthima kwenikweniko ayi, koma nthawi imene akubwerera, amabwera ndi mphamvu yodumpha kapena amabwera ofooka, ndipo jenereta yotchipa ndi yoipa kuposa pamenepo chifukwa mphamvu yake imakwera ndi kutsika wina akayatsa ayironi. Mashini akale a clutch motor analibe nazo ntchito, ndi chitsulo ndi lamba basi. Atsopanowa mkati muli kakompyuta. Nde lamulo la pa shopu likhale loti magetsi akathima aliyense azimitse switch ya mashini yake, akabwera mudikire kaye pang'ono, ndipo mugule stabilizer yowongola mphamvu ya magetsi ndi surge protector yoteteza mashini magetsi akadumpha, muitanenso wamagetsi weniweni aone ngati earth ya nyumbayo ilipo. Nyumba zambiri za renti waya wa earth amangothera m'khoma. Maayironi akhale pa layini yawo osasakaniza ndi mashini.

Ubwino wake nawu, servo motor ya mashini atsopanowa imadya magetsi pokhapokha munthu waponda, pamene clutch motor imangozungulira tsiku lonse ngakhale telala ali kunja akudya chipisi. Ndiye mashini anuwo ndi osavuta kuyendetsa ndi sola ndi inverter, bola ikhale ya pure sine wave. Dzuwa ku Mangochi simulisowa. Tonse tikukumbuka mmene zinalili Cyclone Ana itaononga Kapichira mu January 2022, ma megawatt pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi mpaka 2023, amene anali ndi sola ndi amene anapereka maoda pa nthawi yake. Ngongole imene amalume akufunayo ine ndikanaiika kumeneko.

Fumbi nalo. Nsalu ya yunifolomu imatulutsa ufa wambiri, umakadzaza pa sensa ndi pa kampeni kodulira ulusi, kenako mashini ikulemba error munthu akuti yafa pomwe ikungofuna burashi. Ndi kutentha kwanuko mu October bokosi la bodi likatsekeka mabowo opumira limapsa lokha. Abuluzi ndi mphemvu amakondanso kugona mmenemo poti ndi mofunda. Pomaliza ntchito tsiku lililonse maminitsi 5 aliyense apukute yake, Loweruka muziona mafuta, ndipo mafuta ake akhale oyera aja a mashini osokera osati oyilo wa njinga yamoto chonde. Masingano musasakanize, DBx1 ndi ya mashini ya msoko wowongoka, DCx27 ndi ya ovaloko, ndipo singano yobuntha musadikire ithyoke.

Za masipeya. Chilichonse cha mashini amenewa chimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 mitengo inasintha sabata yomweyo. Nde amalume akamabwera kapena akamatumiza katundu pa basi azinyamula timipeni, ma hook, ma solenoid, bodi imodzi yapadera. Ndipo mukamagula mashini yesetsani akhale a mtundu umodzi, kaya Juki kaya Brother kaya Jack kaya Siruba, kuti sipeya imodzi izilowa paliponse, osati aliyense wa mtundu wake.

Mashini yodula yokhayo muwafunse mafunso awa. Magetsi a three phase alipo pa nyumbayo? Chifukwa imakoka mpweya ndi pampu yaikulu kuti ipanikize nsalu pa tebulo, imafunanso kompuresa, pepala loyala pansi ndi pulasitiki yofunditsa pamwamba nthawi iliyonse mukudula, zonsezo zogula kunja. Ikafa adzaikonza ndani? Ineyo sindingaigwire, muyenera kuitana munthu kuchokera ku Joni, tikiti ndi malo ogona zanu. Zili ngati kugula injini ya boti la Maldeco nkukaimanga pa bwato.

Mnyamata m'modzi wa pa shopu panu amene ali ndi mutu mumutumize akaphunzire kukonza, error code iliyonse azilemba mu kope ndi chimene anachita. Kudikira makanika wochokera ku Blantyre pa vuto la burashi ndi kutaya masiku.

Anachisale_osoka

Ine ndilankhuleko ngati munthu wokhala pa mashini, poti abambo onse apamwambawa akukamba za bolodi ndi mawaya. Ndasoka zaka zambiri, ndinayambira pa khonde ku Monkey Bay kenako ndinagwirako mu fakitale ina ku Blantyre yomwe inatsekedwa.

Anthu anu akati matabuleti ndi apolisi a bwana sakunama ayi, mwana wanga. Tadzifunseni, chiikireni zinthuzo pali tsiku limene manambalawo anabweretsera wosoka chabwino? Kapena amangomva foni yochokera ku Durban kuti bwanji dzulo zinachepa? Munthu akadziwa kuti kanthu aka ntchito yake ndi kundinenera basi amapeza njira yokanamiza. Amasikana mtolo asanaumalize, amasikanirana ndi mnzake, amathamangitsa msoko kuti nambala ikwere kenako mashati 30 abwerera kuti kolala yapendama, ndipo kusula msoko kumatenga nthawi yoposa kusoka. Kompyuta ikuonetsa kuti ntchito ikuyenda pomwe pansi mukusoka shati imodzi kawiri.

Ngati mukufuna azikonde, bonasi ikhale ya layini yonse ndipo iwerengedwe pa zovala zimene zadutsa kwa woyang'ana zili bwinobwino, osati zimene munthu wasikana. Mukatero mudzaona anyamata a mpira aja akudzuka okha kukathandiza pa kolala osatumidwa, chifukwa ndalama yawo yakakamira pa mulu womwewo. Mukamalipira aliyense pa chidutswa chake palibe amene angasiye mpando wake kukathandiza mnzake, angadye chani? Ndipo sikiriniyo iyang'ane kwa osoka aziona okha, ikhale ngati umboni wawo pa tsiku la malipiro kuti pasakhale zokangana.

China, kwathu kuno Lachisanu anthu amapita ku Juma, mwezi wa Ramadan masana mphamvu zimachepa, m'mawa ndi mmene ntchito imayenda. Pulogalamuyo anaipanga anthu akutali, ngati simunaiuze imawerenga nthawi imeneyo ngati ulesi. Ikonzeni, ndipo ntchito yolemera muziika m'mawa.

Kasikirini kaja kamalemba Chingerezi, ena mpaka Chitchaina. Amayi ambiri odziwa kusoka bwino kuposa anyamatawo sukulu sanapite nayo patali, amaopa kudina kuti angaononge katundu wa bwana nkudulidwa malipiro, nde amangoponda ngati mashini yakale. Khalani nawo pansi muwaonetse m'Chichewa kapena m'Chiyao, jambulani timapepala mumate pa mashini kuti batani ili ndi la thumba ili ndi la lebulo. Muwauzenso poyera ngati pali amene achotsedwe ntchito kapena ayi, chifukwa odula anu aja akukana plotter si nkhani ya choko kukhala chachangu, akuopa kuti kompyuta ikadziwa mapateni onse iwo atsala opanda ntchito. Wodula wamkuluyo ndi amene mumuphunzitse kompyutayo, osati kumubweretsera kamnyamata ka ku koleji kuti kazimulamula.

Za mikanjo ya Eid ndi madiresi a ukwati musaziike pa layini. Aliyense amabwera ndi muyezo wake ndi zofuna zake, zimenezo apatseni matelala awiri akale azisoka chovala chonse pakona pawo.

Kaunjika_Boss

Kkkkk inu mukuvutikiranji, kunja maloboti akusoka okha, zaka zisanu zikubwerazi telala adzakhala wa zigamba basi. Ndipo shati yanu yatsopano ingapikisane ndi ya pa kaunjika ya mu msika wa Mangochi? Gulitsani mashiniwo mugule mabelo aise.

Wa_ku_Poly

A Kaunjika_Boss, maloboti osoka okha akhala akulonjezedwa kalekale koma mpaka pano zovala zambiri padziko zikusokedwa ndi manja a anthu ku China, Bangladesh, Vietnam ndi kwina. Chifukwa chake ndi nsalu yomweyo, ndi yofewa, imatamuka, imapindika, dzanja la loboti limagwira bwino chitsulo koma zidutswa ziwiri za nsalu kuti zikumane m'mphepete pa msoko wokhota zimalivuta. Kampani ya SoftWear Automation ya ku Atlanta inapanga Sewbot, koma zimene zimatheka bwino ndi zinthu zosavuta ngati matawulo, mapilo ndi ma T-shirt. Adidas inatsegula mafakitale a nsapato odzaza ndi maloboti otchedwa Speedfactory ku Ansbach, Germany, ndi ku Atlanta, ndipo mu November 2019 inalengeza kuti ikutseka onse awiri nkupititsa luso lake kwa opanga a ku Asia. Nde a Anachisale ntchito ikadalipo. Pa kaunjika mukunena zoona pa zovala wamba, koma yunifolomu ya mtundu wa sukulu yakutiyakuti yokhala ndi baji simungaipeze mu belo, nchifukwa chake a Telala ali pa msika woyenera.

Tsopano kwa inu a Telala. Ndinaphunzira za uinjiniya ku Poly, yomwe pano ndi MUBAS, ndipo ndinagwirako ku chipinda chodulira. Amalume anu ali ndi mfundo theka, ndalama zambiri zili kodulira ndithu, koma chida chozipulumutsira munagula kale ndipo chikungokhala. Pa mtengo wopangira chovala nsalu nthawi zambiri imatenga theka kapena kuposa. Pulogalamu ija ntchito yake yaikulu si kujambula pateni kokha, ndi kuyala zidutswa zonse pa mulifupi wa nsalu mothinana kuti zotaya zichepe, chimene amati marker, ndipo imakuuzani pa sikirini kuti mwagwiritsa ntchito maperesenti angati a nsalu. Wodula ndi choko amayala kamodzi nkudula, kompyuta imayesa njira zambirimbiri, imalowetsa tizidutswa ta saizi yaing'ono m'mipata ya saizi yaikulu. Tiyerekeze oda ya mashati 1,000 ndipo iliyonse imadya mita imodzi ndi theka, ndi mamita 1,500. Mukapulumutsa 5% yokha ndi mamita 75, mashati ena 50 aulere. Chulukitsani ndi mtengo wa mita lero muwatumizire amalume pa WhatsApp, chilankhulo chimenecho amachimva.

Marker ikasindikizidwa pa plotter mumayala pepalalo pamwamba pa nsalu zosanjikiza nkudula ndi mpeni wamagetsi woimirira uja, wodula atavala golovesi ya chitsulo. Kwa osoka 14 wodula m'modzi ndi mpeni umenewo amawadyetsa onse nkutsala ndi nthawi. Mashini yodula yokha, ya Gerber kapena Lectra, ndipo awiriwa pano ndi amodzi chifukwa Lectra inagula Gerber Technology mu 2021, inapangidwira fakitale ya osoka mazanamazana, kwa inu ingagwire ola limodzi nkugona tsiku lonse ngongole ikubala.

Koma kompyuta imakhulupirira zimene mwaiuza. Yezani mulifupi wa mpukutu uliwonse ukafika chifukwa samafanana ngakhale alembedwe chimodzimodzi, marker ipangidwe pa wopapatiza kuposa yonse. Dulani kachidutswa muchape muone ngati ikufupika musanadule oda yonse. Nsalu yotamuka ngati ya ma T-shirt a masewero imafuna kuimasula pa mpukutu igone tsiku lathunthu isanadulidwe, apo ayi zidutswa zimadzafupika zokha. Mipukutu yosiyana kawalidwe musaisakanize mu shati imodzi, lembani manambala pa zidutswa, kupanda kutero mkono udzaoneka wa buluu wina thupi wa buluu wina mwana akaima padzuwa pa asembule. Ndipo mapateni a sukulu iliyonse ndi masaizi ake mukawasunga mu kompyuta chaka chamawa ndi kungodina, sunganinso pa flash ina kunyumba. Amene alibe ndalama ya pulogalamu yokwera mtengo kuli yaulere yojambulira mapateni yotchedwa Seamly2D, yoyambira ndi yabwino.

Chomaliza ndi oda. Zida zonsezi zimabweza ndalama zikamagwira chaka chonse, ndipo yunifolomu ndi ya nyengo, sukulu zikamatsegulira moto, pakati pa teremu zii. Mbiri yathu ikutiphunzitsa pamenepa. AGOA, ndondomeko ya ku America yolola katundu wa maiko ena a mu Africa kulowa kumeneko popanda msonkho, itayamba mu 2000 mafakitale a zovala kuno anatumiza katundu ku America, koma malire a kuchuluka kwa nsalu ndi zovala zimene maiko ankaloledwa kugulitsa ku America ndi ku Ulaya atatha mu January 2005 ogula ambiri anathamangira ku Asia ndipo ntchito zinachepa, mashini anali omwewo, chinachoka ndi msika. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead ya ku Blantyre nayo inagulitsidwa kwa Mapeto mu 2003 itavutika. Ku Ethiopia anamanga Hawassa Industrial Park yamakono mu 2016, dzikolo litachotsedwa mu AGOA mu January 2022 mafakitale ena anachepetsa anthu. Nde miyezi yopanda oda muzisokeratu masaizi amene mukudziwa kuti amayenda, manambala a chaka chatha mu tabuletimo akuuzani kuti ndi ati, ndipo muyende m'malodge kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, m'makampani a alonda ndi m'masukulu a mishoni mufunefune mapangano a chaka chonse. Zimandiwawa kuti thonje likulimidwa pafupi pompa ku Balaka ndi ku Salima koma nsalu yambiri ya yunifolomu tikuitanitsa kunja, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Telala_wa_Mpondasi

Zikomo kwambiri nonse, a Kaunjika_Boss inunso zikomo koma mabelo ayi kkkk. Lero ndayeza ndi foni monga ananenera achimwene a ku Newcastle, kolala ndi imene ikutenga nthawi yaitali kuposa zonse, yachiwiri ndi kusita komwe sindimakuganizira nkomwe, ayironi ndi imodzi ndipo mnyamata wake amapindanso ndi kulongedza yekha. Mitolo yathu ndi ya 40. Mayi Anachisale, wodula wathu wamkulu ndalankhula naye wavomera kukhala pa kompyuta bola ndimuphunzitse madzulo anzake atapita. Za bonasi ya layini yonse ndiyenera kukamba ndi amalume kaye poti ndi ndalama.

A Makanika_Limbe, ma bodi awiri aja amakonzeka kapena ndi kugula atsopano? Imodzi siyaka nkomwe, inayo imayaka nkulemba error ukangoponda. Ndipo stabilizer tigule imodzi yaikulu ya shopu yonse kapena iliyonse yake?

Makanika_Limbe

Yosayaka nkomweyo nthawi zambiri ndi fyuzi kapena mbali yolandirira magetsi, imakonzeka ndipo sidula kwambiri, bola pasakhale popserera pakati pa bodi. Yolemba error musaichotse kaye, jambulani nambala ikulembayo ndi lebulo ya modelo ya mashini muike muno, mwina ndi pulagi ya mota yakhwefuka kapena ulusi wakulunga pa hook mota ikulephera kuzungulira. Zimitsani, zungulitsani gudumu ndi dzanja muone ngati likuyenda mofewa. Stabilizer imodzi yaikulu ya mashini onse ndi yabwino, phatikizani mawati olembedwa pa mota iliyonse muonjezereko malo, koma maayironi asalowe mmenemo. Kompyuta ndi plotter zikhale ndi UPS yake, kabokosi ka batire kogwirizira magetsi akathima. Bodi yakufayo mukaitumiza pa minibasi muikulunge mu katoni ndi siponji, osati mu jumbo.